Kope la mvula lidandifikitsa ku Vienna



Ndiloleni malo pa tsamba lathu lino ndisimbeko za ulendo umene ndidayenda mu Epulo 2024. Ine ndine mphunzitsi wa Jogalafe pa sekondale ina yoyendera m'boma la Phalombe, kufupi ndi phiri la Michesi. Ulendowu usadachitike, kutali kumene ndidafikako kudali ku Lilongwe basi. Digiri ndilibe, ndili ndi dipuloma ya ku Domasi. Chimene chidandikweza ndege ndi kope lakuda la chikuto cholimba limene timalembamo mvula pasukulu pathu.

Kuyambira mu 2018 tili ndi chipangizo choyezera mvula kuseri kwa ofesi ya aphunzitsi. Nthawi ikakwana 8 koloko m'mawa, wophunzira amene ali pa ntchitoyi sabata imeneyo amakhuthulira madzi m'kagalasi ka manambala, nawerenga, nalemba m'kope. Kukakhala kuti sikudagwe kanthu amalembabe ziro, chifukwa ziro naye ndi nkhani. Ana ndimawauza kuti milimita imodzi ya mvula ndi lita imodzi ya madzi pa kamalo ka mita imodzi mulitali ndi mita imodzi mulifupi. Pa munda wa hekitala imodzi, amenewo ndi malita 10,000, kapena kuti zigubu 500 za malita 20. Akamva za zigubu m'pamene amayamba kuilemekeza milimita.

Namondwe wa Freddy atadutsa mu 2023, kudabwera mayi wina wofufuza za nyengo wochokera ku yunivesite ina ya konkuno. Tonse tinkangowatchula kuti Adokotala. Ankayenda m'masukulu, m'mamishoni ndi m'maofesi a zaulimi kufunafuna makope ngati lathuli. Adajambula tsamba lililonse ndi foni. Patapita miyezi adandiimbira. "Aphunzitsi, ku Vienna kumakhala msonkhano waukulu chaka ndi chaka, ndipo amaitanako aphunzitsi a sekondale. Ine ndikupita kukafotokoza zimene ndapeza. Inunso lembani, mwayi sudziwika." Ndidalemba mosayembekeza kanthu. Yankho litabwera ndidaliwerenga katatu ndisadakauze aphunzitsi aakulu.

Za pasipoti ndi viza ndingoti zidandidyera ndalama ndi nsapato. Ndidapita ku Lilongwe kawiri chifukwa cha pepala limodzi losowa. Tsiku lonyamuka ndidakwera kabaza mpaka pa msewu wa tala, minibasi mpaka ku Limbe, basi mpaka ku Lilongwe, kenako ndege pa bwalo la Kamuzu. Njira yonseyo maso anga adali m'minda. Chidali chaka cha El Niño, ndipo pa 23 Malichi boma lidali litalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba. Chimanga changa chomwe chidauma chisadamange ana. Choncho ndinkapita ku msonkhano wa za nyengo ndikuchokera kumene madzi adapha anthu chaka chimodzi, dzuwa n'kupha mbewu chaka chotsatira.

Tidasintha ndege ku Addis Ababa, n'kuuluka usiku wonse. Titatera ku Vienna m'mawa wa Lamulungu ndidafuna kusintha wotchi, Adokotala n'kundiseka. Nyengo imeneyo nthawi ya ku Austria imafanana ndi ya kwathu ndendende. Chosiyana ndi dzuwa. Kwathu 6 koloko madzulo timakhala tikuyatsa tochi, koma kumeneko kudali kowala mpaka cha m'ma 8 koloko. Mitengo idali itangophuka masamba atsopano pamene kwathu tinkakolola. Zimenezi ndakhala ndikuphunzitsa Fomu 1 kwa zaka zambiri pogwiritsa ntchito mpira ndi tochi, koma thupi langa lidazikhulupirira tsiku limenelo. Ndidafika kukutentha, ndikudandaula kuti ndidabwerekeranji jekete lolemera kwa mlamu wanga. Pofika Lachiwiri kudazizira koti mano kugundana, kuposa Juni wa ku Dedza, ndipo mlamu uja ndidamudalitsa.

Vienna ndi mzinda wa anthu pafupifupi 2 miliyoni, womangidwa m'mbali mwa mtsinje wa Danube. Pakati pake pali tchalitchi chakalekale cha Stephansdom, chimene nsanja yake ndi yotalika mamita 136. Koma chidandigwira mtima kwambiri ndi madzi a pampopi. Amachokera ku akasupe a m'mapiri a Alps, ndipo amatsika okha m'ngalande ndi m'mapaipi. Njira yoyamba ya madziwa idatsegulidwa mu 1873. Ndidakumbukira mipopi ya m'midzi ya kwathu imene nayo imatenga madzi m'phiri la Mulanje popanda injini, ndi m'mene Freddy adazulira mapaipi ake n'kuwataya m'mitsinje.

M'mawa uliwonse tinkakwera sitima ya pansi pa nthaka ya U1, n'kuwoloka Danube, n'kutsikira pa Kaisermühlen. Pamenepo pali nyumba zazitali za United Nations, ndipo pambali pake pali Austria Center Vienna, pomwe bungwe la European Geosciences Union limachititsira msonkhano wake. Wa chaka chimenecho udachitika kuyambira pa 14 mpaka pa 19 Epulo. Anthu adali pafupifupi 20,000, kuphatikizapo otsatira pa intaneti, ochokera m'maiko oposa 100. Ndiye kuti theka la bwalo la Bingu litadzaza ndi anthu ofufuza okhaokha, aliyense atavala kakhadi ka dzina lake m'khosi. Ena amafufuza zivomezi, ena nyanja zamchere, ena madzi oundana, ena maiko ena a m'mlengalenga. Ine ndinkatsata za mvula ndi mphepo.

Masiku atatu oyamba ndidali m'gulu la aphunzitsi, pa maphunziro amene amawatcha GIFT. Akatswiri ankabwera kudzatifotokozera ntchito yawo m'chilankhulo choti mwana wa sekondale amve, ifenso n'kumaonetsana zimene timachita m'kalasi. Anzanga ena adabwera ndi zithunzi za makompyuta a pasukulu pawo. Ine ndidayala kope lija patebulo. Poyamba ndidachita nalo manyazi, chifukwa m'mphepete mwake muli chidindo cha matope chosachoka. Koma aphunzitsi anzanga adalitsegula tsamba ndi tsamba, akufunsa kuti ana amasinthana bwanji, ndani amawerenga pa holide, ndipo timatani mwana akalemba nambala yabodza chifukwa wachedwa kudzuka. Funso lomalizali lidandisonyeza kuti ana ndi amodzimodzi dziko lonse lapansi.

Nthawi yopuma ndinkalowa m'zipinda za akatswiri. Wolankhula aliyense amapatsidwa mphindi pafupifupi khumi, nthawi ikatha amamudula ngakhale akhale pulofesa wa imvi. Ena salankhula pagulu, amangopachika chipepala chachikulu cha zimene apeza m'holo yaikulu ngati nyumba yogulitsira fodya, n'kuima pambali pake kudikira ofunsa. Chingerezi chake chidali chothamanga ndipo zambiri zidandidutsa. Koma chinthu chimodzi ndidachigwira, ndipo ndikufuna owerenga anzanga achimve.

Ulosi wa nyengo umene timamva pa wailesi umayambira m'makompyuta aakulu, monga a bungwe la ECMWF, limene likulu lake lili ku Reading ku England ndipo makina ake ali ku Bologna ku Italy. Makinawa amagawa mlengalenga wonse m'timabokosi ta makilomita pafupifupi 9 mbali iliyonse, n'kuwerengera m'mene mphepo, kutentha ndi chinyontho zisinthire m'kabokosi kalikonse. Kuti ayambe kuwerengera amafunika kudziwa m'mene zinthu zilili lero, ndipo kuti adziwe ngati adalosera zoona amafunika kudziwa zimene zidagwadi pansi. Setilaiti imathandiza, koma imaona mtambo kuchokera pamwamba. Ikaona kuti nsonga ya mtambo ndi yozizira kwambiri imaganiza kuti pansi pakugwa mvula yambiri. Kuganizako kumafunika kukonzedwa ndi manambala a munthu amene adakhuthuladi madzi m'kagalasi. M'dera la mapiri ngati lathu nkhani imakula. Mpweya wachinyontho wochokera ku nyanja ya Indian ukagunda phiri la Mulanje umakwera, n'kuzizira, n'kukhuthula madzi mbali imodzi, pamene mudzi wa kuseri kwa phiri lomwelo ukungolandira mawawa. Midzi iwiri yotere ikhoza kukhala m'kabokosi kamodzi.

Bungwe la za nyengo padziko lonse la WMO limanena kuti malo oyezera nyengo mu Africa ndi gawo limodzi chabe mwa magawo asanu ndi atatu a amene amafunika. Namondwe wa Ana atatiwononga mu Januwale 2022, uja adagumula damu la magetsi la Kapichira, akatswiri a gulu la World Weather Attribution adapeza kuti kusintha kwa nyengo kudawonjezera mvulayo. Koma adalephera kunena kuti kudawonjezera ndi mlingo wanji, chifukwa manambala a zaka zambiri ochokera pansi adali osakwanira. Taganizani munthu woti nyumba yake yagwa, akupita kubwalo kukadandaula, koma mboni alibe.

Adokotala adalankhula Lachinayi. M'mawa umenewo sadadye kanthu. Mayi amene kwathu mafumu amawapatsa mpando ndidawaona akubwereza mawu awo chapansipansi m'sitima ngati mwana wa Fomu 4 pa tsiku la mayeso. Ndalama ya ulendo adachita kupempha m'malo atatu, ndipo mnzawo amene adagwira naye ntchitoyi adatsala kumudzi chifukwa viza idachedwa. M'chipindamo mudali anthu ngati 60, akuda tidali owerengeka. Adaonetsa mapu a chigawo cha kummwera okhala ndi timadontho, ndipo kadontho kena kadali sukulu yathu. Adafotokoza kuti Freddy adayambira kutali kumpoto kwa Australia mu Febuluwale 2023, adawoloka nyanja yonse ya Indian, n'kudzalowanso kumtunda kachiwiri pafupi ndi Quelimane pa 11 Malichi. Ku Nkhulambe, m'boma lathu lomweli, kudagwa mamilimita oposa 1,000 m'masiku anayi okha, mvula imene madera ambiri a dziko lino amailandira m'chaka chathunthu. Anthu oposa 600 adapezeka atafa m'dziko muno, ena oposa 500 sadapezeke.

Atamaliza, bambo wina wa tsitsi loyera adaimika dzanja. Adafunsa mwaulemu ndithu. Adati waona kuti pa timadontho tina manambala akuduka pa 13 Malichi, masiku amene ofufuza amawafuna kwambiri, ndiye adafuna kudziwa ngati pali njira yopezera manambala osowawo. Adokotala adakhala kaye chete, kenako adati mwini wa limodzi mwa makopewo ali m'chipinda chomwecho, n'kundiloza.

Ndidaimirira miyendo ikunjenjemera. Ndidawauza kuti nambala yomaliza m'kope lathu ndi ya m'mawa wa Lamulungu pa 12 Malichi. Adailemba mtsikana wa Fomu 2 amene ankawerenga Loweruka ndi Lamulungu chifukwa kwawo kudali pafupi ndi sukulu. Kutacha, madzi adatsika m'phiri ndi miyala ndi mitengo, adatenga chipangizo chija pamodzi ndi mpanda wake, adatenganso nyumba za kumunsi kwa mtsinje. Makalasi athu adasanduka msasa, ndipo ine ndinkalemba maina a anthu ndi kugawa ufa, osati mvula. Mtsikana uja ndi mng'ono wake sadapezeke mpaka lero. Ndidati manambala a masiku amenewo kulibe kumene angapezeke, ndipo ndidakhala pansi.

Palibe adawomba m'manja. Wotsogolera zokambirana adayang'ana wotchi, chifukwa wina adali akudikira mphindi zake khumi. Potuluka, bambo uja adandipeza pakhomo, adandigwira dzanja nthawi yaitali, n'kupempha kuti aone kopelo. Adayang'ana nambala ya pa 12 Malichi ndi mizere yopanda kanthu yotsatira pansi pake. Sindidamukwiyire. Funso lake lidali loona, ndipo ndi lomwelo limene Adokotala adayenda nalo m'midzi mwathu. Madzulo ake tikudya mpunga pa kanyumba kena ka zakudya, mayiwa adandiuza kuti, "Aphunzitsi, mvula ndi yathu, maliro ndi athu. Tikapanda kulemba tokha, ena adzatiuza kuchokera kumwamba kuti kwathu kudagwa zingati, ife n'kumangovomera."

Lachisanu masana mphunzitsi wina wa ku Austria amene tidadziwana pa maphunziro aja adanditenga kukaona malo awiri. Poyamba tidakwera kasitima koyenda mumsewu kupita ku Hohe Warte, kamtunda ka kumpoto kwa mzinda kumene kuli ofesi ya za nyengo ya dzikolo. Ofesiyi idakhazikitsidwa mu 1851, n'kusamukira pamalopa mu 1872. Mzinda wa Vienna uli ndi manambala a kutentha kuyambira mu 1775. Mu 1873 akatswiri a maiko osiyanasiyana adakumana mumzindamu pa msonkhano woyamba waukulu wa za nyengo, kuti agwirizane zoyeza mofanana ndi kugawana zimene apeza. Msonkhano umenewo ndiwo udabala bungwe limene pambuyo pake, mu 1950, lidalowedwa m'malo ndi WMO. Ndidaima pampanda ndikuganiza za anthu onse amene adadzuka m'mawa kukawerenga ndi kulemba kwa zaka pafupifupi 250, pa mtendere ndi pa nkhondo. Ambiri mwa iwo palibe akuwakumbukira maina. Ntchito yawo sidasiyane kwenikweni ndi ya ana anga a ku Phalombe. Kusiyana kwake n'kwakuti wina akatopa, wina ankatola cholembera, ndipo makope awo sadadyedwe ndi chiswe.

Kenako tidapita ku Donauinsel, chilumba chachitali makilomita 21 chimene chili pakati pa madzi. Anthu ankapalasa njinga, ena akuyenda ndi agalu. Mnzangayo adandiuza kuti chilumbachi n'chopangidwa ndi anthu. Pakati pa 1972 ndi 1988 adakumba mtsinje wachiwiri pambali pa Danube, dothi lake n'kuliunjika pakati. Masiku onse mtsinje watsopanowo umakhala wotseka ngati dziwe losambiramo, koma Danube akadzaza amatsegula zipata kuti madzi agawike. Kukula kwake adakuwerengera potengera chigumula chachikulu cha mu 1501, kuti pathe kudutsa madzi okwana makyubiki mita 14,000 pa sekondi. Pomanga, ena ankatsutsa kuti n'kuwononga ndalama. Sindikunena kuti kumeneko madzi sapha. Mu Sepitembala 2024, nditabwerako kale, mvula yamphamvu idagwa ku Austria, midzi yozungulira Vienna idamira ndipo anthu adafa. Koma Danube sadalowe mumzindawo.

Nditaima pachilumbacho ndidakumbukira agogo anga. Iwo adaona Napolo wa mu Malichi 1991, pamene madzi ndi miyala zidatsika m'phiri la Michesi n'kupha anthu mazanamazana ku Phalombe. Ankatha kuloza pamene madzi adalekezera, mtengo uti udatsala, mudzi uti udapita. Ankanenanso kuti Napolo asadatsike phiri limalira ngati galimoto yaikulu, ndipo mtsinje umasanduka wofiira n'kumanunkha dothi. Anthu a ku Vienna adatenga chikumbukiro cha chigumula cha zaka 500 zapitazo n'kumangira chitetezo. Ife chathu cha zaka 32 zokha tidachisiya m'kamwa mwa okalamba, okalambawo n'kupita nacho, ana awo n'kumanganso nyumba m'njira ya madzi chifukwa malo olima ndi okhala adachepa.

Chenjezo la Freddy lidaperekedwa, tisanamizane. Nthambi yoona za nyengo idalengeza pa wailesi masiku angapo namondweyo asadafike, ndipo ine ndidamva. Koma kumva kuti kugwa mvula yamphamvu m'chigawo cha kummwera si kudziwa kuti usiku uno uchoke m'nyumba yako, ndipo uthawire pati. Mu 2022 mlembi wamkulu wa United Nations, António Guterres, adati pofika kumapeto kwa 2027 munthu aliyense padziko lapansi akhale akufikiridwa ndi chenjezo la ngozi zotere. Ku msonkhano kuja nkhaniyi inkatchulidwa kawirikawiri. Ine ndikuona kuti chenjezolo lidzafika pakhomo la munthu pokhapokha m'mudzimo mutakhala wina wodziwa kuti mamilimita 100 pa usiku umodzi amatanthauza chiyani pa mtsinje wawo, ndiponso mfumu itagwirizana kale ndi anthu ake za malo okwera othawirako.

Nditabwerera, ana adandifunsa ngati ndidagwira chipale chozizira chija amachiona m'mafilimu, ndiponso ngati kumeneko kuli nsima. Ndidati ayi pa zonse ziwiri, ndipo adaoneka kuti andimvera chisoni. Chipangizo chatsopano tidachiika pamalo okwera, kuseri kwa nyumba ya aphunzitsi aakulu. Tsopano timalemba m'makope awiri, lina limagona kunyumba kwanga, ndipo mwezi ukatha timajambula tsamba n'kutumiza kwa Adokotala pa WhatsApp. Ana a Fomu 3 ndidawatuma kwa okalamba amene atsala kuti akafunse pamene madzi a 1991 adafika, ayerekeze ndi a 2023, ajambule mapu. Mapuwo tidakawaonetsa a mfumu, ndipo adaitanitsa msonkhano wa mudzi mvula isadayambe.

Pempho langa likupita kwa aphunzitsi anzanga ndi kwa akuluakulu a za maphunziro ndi za nyengo. Sekondale iliyonse ya kumudzi ikhale ndi choyezera mvula ndi kope, ndipo manambalawo azikhala ndi kopita. Mtengo wake sufika pa wa mipira ndi mayunifolomu a timu ya sukulu. Amene muli m'mamishoni, m'maesiteti a tiyi ndi m'maofesi a zaulimi, tsegulani makabati akale aja. Mukapeza makope a mvula a m'ma 1960 kapena 1970, musakulungire mandasi kapena kuyatsira mbaula. Ajambuleni, muwadziwitse a za nyengo.

Kope lakale lija ndidabwera nalo. Wophunzira wina adandifunsa ngati tingalembe manambala ongoyerekeza m'mizere yopanda kanthu ija kuti tsamba lioneke lodzaza. Ndidakana. Mwana aliyense amene akuyamba ntchito yowerenga mvula ndimamuonetsa kaye tsamba limenelo, ndi nambala ya pa 12 Malichi yolembedwa ndi inki yabuluu, ndisadamupatse kagalasi.

Mphunzitsi wa Jogalafe,
Phalombe